Dzina la Wokumba Dothi

"Tizilomboti tatipatsa dzina la amuna anu, mayi," anatero mkulu wa kafukufuku, akumuonetsa chithunzi cha timadontho totuwa m'kambale kagalasi.

Namfedwayo sanachigwire n'komwe. Mwamuna wake anakhala akuwakumbira dothi anthu amenewa zaka khumi ndi zinayi, n'kumawasenzera m'timatumba. Dothi lomaliza linamulowa pabala la kuphazi, ndipo mwezi usanathe anali ataikidwa m'manda.

"Ndi ulemu waukulu," anapitiriza mkuluyo. "Mabakiteriya a banja limeneli, ena anatengera dzina ku mtsinje umene anapezekako, ena ku maonekedwe awo, ena kwa maprofesa otchuka. Wokumba dothi sanalandirepo mwayi wotere."

"Ndi tomwe tinawapha tija?" anafunsa mayiyo.

"Ee... tomweto. Tizilomboti tinali tisanadziwike. Akanapanda kudwala, sitikanatitulukira."

Mayiyo anakumbukira zimene zinamuchitikira sabata yatha kumanda. Mvula inali itakokolola utoto wonse wa pamtanda, mpaka iye kugwada n'kulira pamtumbira wa munthu wina.

"Ndiye dzinalo silidzafufutika?"

"Mpaka kalekale, mayi," anayankha monyadira. "Ndipo musadandaule, tizilomboti tikutisamala bwino kwambiri. Tili mufiriji, tonse tili moyo."