Episkopi Avula Nsapato

Bambo Calogero, wansembe wathu, anaima pakhomo la tchalitchi atanyamula nsapato za Ambuye Episkopi, zawo zili kuphazi. Masokosi awo anali obooka ngati mwa masiku onse, n'chifukwa chake chibwerereni m'parishi ino anali asanayendepo m'njira ya mapemphero.

Njirayo ndi ya miyala yoyera ndi yakuda, yoyalidwa pansi pakati pa tchalitchi chathu. Imakhota, kubwerera, kukhotanso, mpaka kukufikitsa pamwala wapakati. Mwambo wake makolo anatisiyira: umavula nsapato, kuyenda mwakachetechete osadumpha mzere, ukafika pakatipo n'kuima kupemphera.

Episkopi anabwera kudzatseka tchalitchichi. Achinyamata onse anathawira kumzinda wa Palermo, ndipo Misa ya Lamulungu inkangokhala ya anthu owerengeka ndi mphaka wa Gaspare, wophika buledi amene nyumba yake inatsamira khoma la tchalitchichi kumbali yotsetsereka ya phiri. Bambo Calogero anali ndi pothawira pamodzi pokha: nkhalamba za mudzi uno zimaikonda njirayi koopsa. M'mawa uliwonse, fungo la buledi likangoyamba kumveka, zimafika ndi ndodo zawo ndi nyamakazi zawo, ndipo zikaima pakati sizifuna kusuntha. Nyengo yotentha chikhulupirirocho chimaphwa ndithu, koma Bambo anaona kuti mlendo sauzidwa zonse.

Mayi Nunziata, wamkulu wa nkhalambazo, anatsogolera kolona ili m'manja.

"Pang'onopang'ono, Ambuye," ananong'ona. "Mulungu si basi yoti ikusiyani."

Episkopi, munthu wozolowera kapeti, anatsatira mano akuguguda. Kunja kunali chisanu choluma, ndipo miyala ya m'mphepete inali yozizira mosachitira ulemu aliyense. Pokhota paliponse nkhope yawo inkakwinyikirakwinyikira. Bambo Calogero anakumbatira nsapato zija pachifuwa, mtima uli m'mwamba. Apa ndiye tchalitchi chapita, anaganiza motero.

Atafika pamwala wapakati, Episkopi anaima njii. Mapewa anatsika, makwinya anamasuka, maso n'kutsekeka. Nthawi inapita. Nkhalamba zimene zinali pamzere kumbuyo zinayamba kutsokomola mwadala.

"Kodi akufuna tiwabweretsere bulangete agone pompo?" anang'ung'udza nkhalamba Ignazio. Mayi Nunziata anamuyang'ana ndi diso limodzi, iye n'kumeza mawu otsalawo.

Episkopi anatuluka m'njiramo misozi ili chuchuchu.

"Mwana wanga," anatero kwa Bambo Calogero, "ndakalamba ndikulalikira za moto wa Mzimu Woyera. Lero ndiye ndaumva ndekha, ukukwera kuyambira kuphazi. Tchalitchi chino sichitsekedwa ine ndili moyo."

Galimoto ya Episkopi itazimiririka kuseri kwa phiri, Bambo Calogero, nawonso akulengeza misozi, anagwira manja a Mayi Nunziata. Anachita manyazi kuti iwo, wansembe wathunthu, anamanidwa chisomo chotere chifukwa cha masokosi.

"Amayi, mapemphero anu atipulumutsa."

"Mapemphero anathandizako, Bambo," anayankha mayiyo akulimbana ndi zingwe za nsapato zawo. "Koma mukathokozenso Gaspare. Uvuni wake uli pansi penipeni pa mwala wapakatiwo, ndipo lero ndinamuuza kuti asaumire nkhuni."