Malo Amodzi M'galimoto ya Chipatala

Namwino atangolowa, chitseko chinakhomedwanso. M'nyumbamo zinkakhala choncho tsiku lililonse: mawindo otchinga ndi zitsulo, mipeni yobisidwa, machesi osaoneka paliponse. Mayi wa pakhomopo, yemwe anthu ankamutchulabe kuti Atelala, anakhala pafupi ndi makina ake osokera, omwe tsopano ankangosanjikapo mbale. Tsitsi lake linali losapesa, maso ali psuu.

Mlongo wake, bambo wometa bwino ndi wa malaya osita, anakokera namwinoyo mpando.

"Takulandirani, anesi. Pepani ndi fumbili, achemwali angawa anayambana ndi tsache."

Namwino anaseka, kenaka anafotokoza chimene anadzera. Chipatala chinali chitatsegula malo oti anthu a matenda a maganizo okhalitsa azikakhalako masana. Galimoto inkawatenga m'mawa n'kuwabweza madzulo. Malo anali atatsala amodzi okha, ndipo iye, yemwe anali wachilendo m'deralo, anangouzidwa kuti pakhomo pano pali wodwala.

"Sitingotenga aliyense," anatero. "Matendawo akhale oti atenga zaka, ntchito inamukanika munthuyo, ndiponso sakutha kudzisamalira kapena kukhala pakati pa anzake."

Atelala anatchera khutu. Galimotoyo ikamabwera, ndiye kuti chitseko chizitseguka m'mawa uliwonse. Adzaonanso msewu, adzawothanso dzuwa kunja kwa mpanda. Anatsimikiza kuyankha zoona zokhazokha, ngakhale zochititsa manyazi.

"Zinayamba liti, mayi?"

"Kalekale, amayi athu akadali moyo."

"Mukusokabe?"

"Ndinaleka. Ndinkati ndikayamba msoko, maganizo ali kuchitseko. Diresi la mkwatibwi wina ndinalidula mkono."

"Tulo mumapeza?"

"Tapang'onopang'ono. Kanthu kakangogwa, ndadzuka."

"Nanga kunja mumatuluka?"

Atelala anayang'ana pansi. "Ndiwo amatigulira ndi aneba, amatipatsira pawindo. Anzanga anatopa n'kugogoda. Maliro a azakhali sindinapite, mpaka lero abale amandinena."

"Amayankhulanso okha akamatsuka mbale," mlongo wake anawonjezera akumwetulira. "Nthawi zina amakangana ndi poto."

"Inu achimwene, khalani chete."

"Asiyeni anene, zimatithandiza," anatero namwino mofatsa. Anayang'ananso Atelala. "Mumalira kawirikawiri?"

"Kubafa. Kumeneko sandimva."

Namwino anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anali ataona makomo ambiri, koma apa sanafune n'komwe kufunsa zambiri. Anagwira phewa la Atelala.

"Musadandaule, mayi, malo aja mwapeza. Zonse zimene timayang'ana zilipo." Kenaka anatembenukira kwa bamboyo. "Inu bambo, mwagwira ntchito yaikulu. Kuyambira Lolemba muziwasambitsa m'mamawa achemwali anuwa, galimoto isamadikire."

Atelala anadzutsa mutu.

"Anesi, wodwala sindine. Ndi achimwenewa. Ndine ndimawamwetsa mankhwala, kuwameta, ndi kuwalondera kuti asasowenso."

Namwino anamuyang'anitsitsa bamboyo, yemwe ankathira tiyi m'makapu osataya ngakhale dontho.

"Amenewa? Pepani, mayi, oterewa sitingawatenge. Ali bwinobwino."