Tebo Yoimba Mluzu

"Sindifuna zokamba zambili! Tebo yaikuluyi ndiyo ndigula," anatero Steward, akumenya kauntala m'shopu ya zipangizo za galimoto pafupi ndi msika wa Lundazi. Ankaloza chitsulo chowonjezera mphamvu ya injini ya lole yake.

"Atate a Temwani, yakale yafa, gulani yolingana nayo," anayankha mkazi wake Olipa. "Lole yonyamula fodya mufuna iuluke? Iyi idzamwa dizilo monga mmene mumwela mowa inu."

"Iwe udziwa chiyani za injini? Kamba za mapoto ako!"

Wogulitsa anakhosomola. "Amayi akamba zoona, abwana. Komanso yaikuluyi imaimba mluzu. Mukaponda moto pachitunda, imamveka kutali."

Olipa anachiyang'anitsitsa chitsulocho. "Kutali bwanji?"

"Boma yonse, amayi."

"Mangani yomweyo," anatero Olipa.

Steward anaseka mpaka misozi. Sabata yonse anayenda modzitama, akuuza madalaivala anzake kuti mkazi wolongolola amangofunika kumukalipira kamodzi basi.

Loweruka masana anatsanzika kuti akukatenga mabelo a fodya ku Chikomeni. Lole inakwera chitunda ikuimba mluzu wake, kenaka inakhotera kuseri kwa chigayo, kwa Racheal, chibwenzi chimene Steward ankachikana molumbira nthawi zonse mkazi wake akamufunsa.

Asanavule n'komwe nsapato, kunamveka kugogoda. Atatsegula anapeza Olipa ali chilili, chitenje atamanga m'chiuno, alongo ake awiri ali kumbuyo.

"Munasankha bwino, atate a Temwani," anatero Olipa. "Imamveka mpaka kumapoto kwanga."