Mbuzi ya amake Elisha

Lackson anafika pakhomo pa amake Elisha akukoka mbuzi yawo, atapsa mtima. Inali italowanso m'dimba mwake n'kumudyera kholowa.

"Amayi, mbuzi yanuyi yandiononganso! Kodi simuimanga?"

"Pepa mwananga, yadula chingwe," anatero mayi wokalambayo akutuluka m'nyumba ndi ndodo yawo. "Takhala pansi kaye, dzuwa la kuno ku Ndamera silisewera."

Lackson anayang'ana chingwe chili m'manja mwakecho. Sichinaduke ayi, chinachita kumasulidwa. Atakweza maso anaona kuti pansi pa mtengo wa masawu payalidwa kale mphasa, ndipo pali makapu awiri a thobwa ovindikira ndi mbale kuopa ntchentche.

Elisha anali mnzake wapamtima, ankapha nsomba m'bwato limodzi. Pamaliro ake, Lackson anaimirira pamaso pa anthu n'kulonjeza kuti mayiwa sadzasowa mwana. Koma chibwerere kumanda ankangodutsa pa njinga n'kukweza dzanja. Pakhomo pano ankapondapo mbuzi ikalakwa basi.

Anamanga mbuziyo pachikhomo, nakhala pamphepete pa mphasa mutu uli pansi. Amake Elisha anamupatsa kapu ndi manja awiri, iwonso n'kukhala pafupi naye, nkhope itawala.

"Bwanji wangoti zii?" anamufunsa. "Kalipa ndithu mwananga, ine ndikumva. Koma uzikalipa pang'onopang'ono, usamalize msanga."