Nyali ya Gawo Lachinayi

Nambala ija inali itasinthanso. Luwiza anasendera pafupi ndi kompyuta n'kuwerenga kachiwiri: gawo lachinayi, nyali yapakati, mphamvu ya kuwala 100. Dzulo lake mmawa anaiika pa 40, anasunga kawiri, n'kuzimitsa makinawo ndi dzanja lake lomwe. Aka kanali kachisanu.

Mpikisano wa masewero a achinyamata unkayamba 2 koloko masana a tsiku lomwelo, mu holo ya parishi pa boma la Mchinji. Mawindo anali atawatchinga kale ndi ziguduli za fodya kuti mukhale mdima. Gulu lopambana linkapita ku Lilongwe, ndipo oweruza ankapereka malikisi khumi pa nyali zokha.

Kompyuta yakaleyo ndi nyali zisanu ndi imodzi zinachokera kubungwe lina. M'gulu lonse, Luwiza yekha ndi amene anapirira kuwerenga buku lake, dikishonale ili pambali. Iye ankangodina batani limodzi, nyali n'kumasintha zokha gawo ndi gawo. Tsiku lina anayesa kusintha nambala sewero lili mkati, kompyuta inauma gwa, holo yonse bii. Chiyambire tsikulo sanayerekezenso.

"Lero itichititse manyazi nyali ija, udzabwerera kunali konyamula mabenchi," anatero a Kefasi, mtsogoleri wa gululo, akudutsa ndi makwerero paphewa. "Nkhope ya mwana imachita kuyera ngati ufa woyanika. Oweruza aona chiyani?"

 Luwiza anali atayesa zonse. Anasintha waya, anapukuta masoketi, anafufuza vayirasi, anachotsa pulogalamu yonse n'kuikamonso. Anafika mpaka poganizira chigayo chakuseri kwa holo kuti mwina chikusokoneza magetsi, koma chigayo sichilemba manambala.

Gawo lachinayi ndilo linali mtima wa sewerolo. Keziya, amene ankasewera ngati mwana wamkazi, ankaima yekha pakati pa nsanja n'kumadzudzula bambo amene anagulitsa chimanga chonse kutsidya kwa malire, n'kumwera ndalamazo, n'kudzamenya mkazi wake atafunsa. Mawu a gawo limeneli Keziya anapempha kuti alembe yekha. Nyali ikamuwomba kumaso ankatsinzinira, misozi ili chuchuchu, koma sankaphonya liwu. Luwiza ankamumvera chisoni. Ankachita manyazi makamaka ndi bambo ake a Keziya, munthu wofatsa maonekedwe, amene ankamubweretsa panjinga tsiku lililonse loyeserera n'kukhala pabenchi lakutsogolo, chipewa chili pabondo, kudikira kuti amutengenso.

Mmawa umenewu Luwiza anatsegula tsamba limene anali asanalionepo, losonyeza nthawi imene zinthu zasinthidwa. Kasanu konse nambalayo inasinthidwa 12 koloko itangodutsa, iye atapita kukadya. Makina analibe mlandu. Panali dzanja la munthu.

Anatukula maso. Tabeth ankasesa pansanja, kiyi wa holo akulendewera m'khosi mwake. Tabeth ankagwira ntchito yotayipa makalata pafupi ndi msika, kompyuta ankaidziwa. Ndiponso malo a mwana wamkazi aja poyamba anali ake, a Kefasi asanamuchotse n'kuikapo Keziya.

"Ukundiyang'ana chonchi ndakudyera chiyani?" anafunsa Tabeth.

"Palibe. Sesa."

 Luwiza anafuna kukauza a Kefasi, anaimirira, anakhalanso pansi. Kukangana sankakutha. Anabweza nambala pa 40, anatseka pulogalamu ndi mawu achinsinsi amene ankawadziwa yekha, ndipo kukadya sanapite. Anakhala pomwepo akutafuna chala. Cha m'ma 12 koloko chitseko cham'mbali chinatseguka pang'ono, kenaka chinatsekekanso. Sanaone nkhope, koma anamwetulira.

Holo inadzaza mpaka ana kukhala pansi. Munkatentha, munkanunkha fodya wa m'ziguduli. Oweruza atatu anakhala pakati ndi mapepala awo. Pabenchi lakutsogolo panali ansembe, akuluakulu awiri a boma, ndi bambo a Keziya atavala jekete.

Gawo loyamba linadutsa bwino. Lachiwiri anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Luwiza ankapukuta manja pachitenje, maso ali pakompyuta. Gawo lachitatu litatha anadina batani.

Nyali yapakati inayaka mofewa, ngati dzuwa la mmawa. 40. A Kefasi, ali kuseri kwa nsalu, anamukwezera chala chachikulu. Kwa nthawi yoyamba nkhope ya Keziya inaoneka yonse, maso ali otseguka bwinobwino.

Keziya anafika pakati pa nsanja. Anatsegula pakamwa. Maso ake anatsikira pabenchi lakutsogolo ndipo anakhazikika pomwepo. Liwu silinatuluke. Wina anatsokomola. Woweruza mmodzi anayang'ana wotchi. Manja a Keziya ankafinya m'mphepete mwa diresi.

Munthu anagwira Luwiza paphewa. Anali Tabeth, akupuma mwabefu.

"Kweza nyaliyo. Ifike pa 100."

"Ndiye kuti unali iwe ndithu," ananong'ona Luwiza. "Sindikhudza. Kompyuta ikauma tithera mumdima tonse."

"Ine ndinangomusonyeza podina. Amasintha yekha Keziya." Tabeth analoza kutsogolo ndi chibwano. "Zimene analemba zija ndi za kunyumba kwawo. Nyali ikamuthobwa m'maso sawaona bambo akewo."

Luwiza anayang'ana chipewa chija chili pabondo la bambo a Keziya, dzanja litachifinya mpaka kupindika. Kenaka anayamba kulemba mawu ake achinsinsi.