Khoma la Ophunzira

Lamulo linali lakuti nyumba iliyonse ipereke khoma limodzi kwa ophunzira zomangamanga, poti sukulu yawo inapita ndi madzi osefukira. Ankalimanga m'mawa, aphunzitsi n'kuchonga, madzulo n'kuligumula kuti gulu lina lidzapeze pophunzirira.

Mayi Zuze anali atazolowera kutchinga mpatawo ndi mphasa, ufa n'kumausunga m'ndowa yovindikira kuopa fumbi. Koma tsiku limeneli kumwamba kunali bii, ndipo amuna awo ankatsokomola pamkeka, thupi lili moto.

"Amayi, tasunthani," anatero mwana wawo Esinta, yemwe anali m'gulu la ophunzirawo, nyundo ili m'manja. "Ndikapanda kugumula andilepheretsa."

"Akulepheretse! Abambo ako agone pamvula chifukwa cha satifiketi?"

Aphunzitsi a Thomu analowererapo ali pakhomo. "Njerwazi ndi za sukulu, mayi, si zanu."

"Nanga nyumbayi ndi ya amayi anu?"

Mayi Zuze anakoka mkeka uja, wodwala ali pomwepo, mpaka m'tsinde mwa khomalo. Kenako anakhala pambali pa amuna awo n'kutambasula miyendo.

"Menya, Esinta. Uyambire pamwamba, monga anakuphunzitsira."