Kamera ya Malemu Dominic

Katundu wa malemu Dominic anali atamuyala kale pamphasa: jekete, nsapato zakutha kuchidendene, chipewa, masipanala, ndi kamera m'chikwama chake chachikopa. Mkazi wake Regina anakhala pakhonde, mutu uli mbee, poti anali atameta maliro m'mawa womwewo. Sankamva chisoni, sankamvanso njala. Maso ake anali pa kamerayo basi.

Linali tsiku lomusudzula, mu Ogasiti wa 1961, pamudzi wina kufupi ndi Katete. Mwambo wake ngwodziwika: mwamuna akamwalira, katundu wake amabwerera kwa abale ake. Mkazi amatsala ndi miphika ndi munda. Regina analibe mwana, choncho analibenso ponamizira.

Wogawa anali a Damiano, amalume ake a malemu. Asanagwire kanthu anayamba akumbutsa anthu za moyo wa mwana wa mlongo wawoyo, ngakhale panalibe amene sankaudziwa.

Dominic anabadwa ndi matenda a galimoto. Ali kubusa ankasiya mbuzi n'kuthamangira lole ya okonza mseu, mbuzizo n'kukadya nandolo wa eni. Atakula anapita ku Ndola, nakagwira ntchito pagalaji zaka zisanu ndi chimodzi. Anthu ankati abwera pagalimoto yakeyake. Anabwera pa basi, atanyamula masipanala ndi kamera. Galimoto sanakhalepo nayo mpaka kufa, koma ankaitchula mtundu wake pongomva kulira kwake isanatulukire pachitunda.

Chilimwe chilichonse azungu a m'mafamu a fodya ankathamangitsana ndi magalimoto awo pamseu wafumbi wochokera ku Sinda. Tsiku limenelo Dominic sankadya. Ankalawirira kukakwera chulu cha pokhota mseu, Regina ali pambuyo atamunyamulira chikwama, monga mkazi amanyamulira khasu la mwamuna wake. Filimu inkapita pa basi ku Fort Jameson kukatsukidwa, n'kubwera zithunzi zoti munthu ukaziona unkafuna kuphethira kuopa fumbi. Zina zinapachikidwa m'sitolo ya mmwenye pa Katete. Eni magalimotowo ankatsika kudzazifunsa. Chimodzi chinatuluka m'nyuzipepala ku Lusaka, pansi pake atalemba kuti Dominic Mbewe.

"Munthuyu anali ndi dzanja," anatero a Damiano. "Tinkati adzafera pamseu, koma taonani, chamutenga ndi chibayo, pamphasa ngati tonsefe."

Anthu anavomera chapansipansi. Regina sanagwedeze n'komwe mutu.

Dzulo lake anali atapita kukawagwadira a Damianowo. Anawauza kuti atenge zonse, ngakhale mbuzi ziwiri zimene anabwera nazo yekha pabanjapo, koma amusiyire kamera.

"Ngati n'chikumbutso, tikusiyirani chipewa," anamuyankha motero. "Kamera ndi chida cha ntchito, mayi. Si chogona nacho kumutu."

Ndipo mwini wake watsopano anali atadziwika kale. Pius, mng'ono wake wa malemu, anali atauza mudzi wonse kuti mpikisano wa mwezi wamawa pachulu paja adzakwerapo ndi iye.

Kugawa kunayenda msanga. Jekete inapita, nsapato zinapita, masipanala anawalimbirana pang'ono. Chipewa anachiika pamiyendo pa Regina, iye osachikhudza. Amayi amene anakhala naye ananong'onezana kuti chikondi china n'choopsa, munthu wangouma ngati chitsa.

Pius anatulutsa kamera m'chikwama. Anaiika pa diso lamanja, kenako lamanzere. Anaitembenuza, naigwedeza pafupi ndi khutu. Atasowa polowera anayamba kukanda kachitseko ka kumbuyo ndi chikhadabo.

"Musatsegule kumeneko, alamu. Muli filimu."

Amenewa anali mawu oyamba a Regina tsiku lonselo. Pius anachita manyazi, nayang'ana uku ndi uku.

"Kodi achimwene ankaigwira bwanji?"

Panalibe amene ankadziwa. Onsewo anapitako ku mpikisano chaka ndi chaka, koma pamene galimoto ikudutsa ngati mphepo, ndani angataye maso ake pa munthu wojambula?

Regina anadzuka pang'onopang'ono, chipewa chija n'kugwera pansi. Analandira kamera, natukula kachivindikiro ka pamwamba, naitsamiritsa pamimba pake. Anaweramitsa mutu n'kuyang'ana m'katimo. Anasuntha mapazi awiri kuti dzuwa likhale kumsana kwake, napotokola kachitsulo ka m'mbali. Kamera inalira kamodzi, Pius ali kukamwa yasa. Kenako anatseka, naipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Mwaona?" anatero a Damiano mokondwa. "Anaonera kwa mwamuna wake. Zaka zisanu ndi ziwiri si masewera."

Anthu anaseka pang'ono, koyamba chichitikire maliro. A Damiano anamaliza mawu omusudzula, kuti tsopano Regina ndi womasuka, akafuna kukwatiwa akwatiwe. Mphasa anaipinda. Pius anakoleka chikwama paphewa n'kulowera njira ya kwawo, akuyenda ngati kalaliki wa ku boma.

Regina anamuperekeza ndi maso mpaka anazimirira kuseri kwa nkhokwe. Pamenepo m'pamene misozi inabwera, ndipo mitima ya amayi aja inakhala pansi poona kuti tsopano wayamba kulira mwamuna wake.

Ankamuliradi. Koma m'zaka zisanu ndi ziwiri zonsezo Dominic sanajambulepo chithunzi ngakhale chimodzi. Akangomva injini, manja onse awiri ankapita m'mwamba, n'kumakuwa mpaka fumbi litatsika, kenako n'kutembenuka ali wefuwefu: "Regina, wayigwira?"

Ndipo ulendo uliwonse Regina ankakhala atayigwira.